Bakha Wopanda Sefa

Kuseri kwa nyumba yawo kunali galaja yomwe galimoto inasiya kalekale kugonamo. M'malo mwake munadzaza mapaipi oduladula, mabatire, timamota ndi mabeseni apulasitiki obooka m'mimba. Mwini galajayo anthu ankangomutchula kuti Injiniya, ndipo silinali dzina lachipongwe, chifukwa sukulu ya zamakina anaimalizadi ndipo mutu wake unali wakuthwa. Chilema chake chinali chimodzi. Ukamuyamikira ankakumva ngakhale uli tsidya lina la msewu, koma ukamudzudzula makutu ake ankamera udzu.

Mkazi wake ankaphunzitsa ana kusambira pa kalabu ina ya masewera, ndipo kumeneko ankadziwika ndi dzina loti Kochi. Dziwe la kalabuyo linazunguliridwa ndi mitengo italiitali. Nyengo ya mphepo ikafika, madzi ankadzuka atafunda masamba, timitengo ndi tizilombo takufa, ndipo ana sakanalowa m'menemo. Antchito anali ochepa, choncho Kochi yekha ndi amene ankalawirira kukawola zinyalalazo ndi ukonde womangidwa kunsonga ya ndodo yaitali. Ntchitoyo inamudya phewa mpaka ankavutika kuvala bulauzi.

Tsiku lina akumupaka mankhwala paphewapo, Injiniya anati, "Mayi, ndodo ija muisiya posachedwa. Ndikupangirani wantchito wosadziwa kutopa."

Mkaziyo anaseka. "Inuyo, amene mumanjenjemera madzi akafika m'chiuno, mukapange wantchito wa m'dziwe?"

Zinali zoona. Mwamuna wa mphunzitsi wa kusambira sankatha kusambira, ndipo nthabwala imeneyi inali itakalamba m'banjamo. Koma Injiniya anadzitsekera m'galaja kwa miyezi. Chida choyamba chinamira. China chinkangozungulira malo amodzi ngati galu wothamangitsa mchira wake. Pomaliza panatuluka chinthu chachikulu ngati beseni lochapira, choyandama bwinobwino, choyendetsedwa ndi rimoti. Kutsogolo chinali ndi kamwa lomira theka m'madzi, ndipo kuseri kwa kamwalo kunali fani yokoka madzi ndi zinyalala n'kuzikankhira m'kathumba ka ukonde. Anachipaka penti yachikasu n'kuchitcha Bakha.

Loweruka lina masana kunafika mlamu wake, mchimwene wamkulu wa Kochi. Awiriwa anaphunzira limodzi zamakina, ndipo ndi kudzera mwa iyeyu m'mene Injiniya anadziwira mkazi wake. Mlamuyo ankapanga mapampu othirira m'minda, ndipo ankatchedwa Tsabola chifukwa mawu ake sankatuluka osawawa. Ngakhale moni wake ankamveka ngati mlandu.

"Ndiye bakha wotchuka uja ndi ameneyu?" anatero Tsabola, akuyang'ana chidacho chikuyandama m'thanki yodula pakati yomwe Injiniya ankayeseramo. "Penti yokha ndiye mwakhoza, alamu."

Injiniya anayatsa chidacho ndi kuwaza masamba ouma m'thankimo. Bakha anawameza onse. Tsabola anatola chisanza pansi, n'kuching'amba timizeremizere, n'kuchiviika patsogolo pa kamwa lija. Fani inachikwatula m'manja mwake n'kuchikulunga. Mota inalira ngati nkhumba yomangidwa miyendo, koma sinaime.

"Tiyerekeze kuti chisanza chimenecho ndi tsitsi la munthu," anatero Tsabola. "Kapena chala cha mwana."

"Bakha azigwira ntchito m'mawa, m'dziwe mulibe munthu."

"Dziwe limakhala lopanda munthu mpaka munthu atalowamo. Ikani sefa yawaya pakamwapa. Ikaninso swichi yoti izizimitsa mota ikangomva kulemera. Mukapanda kutero ndiye kuti mwapanga msampha, osati bakha. Izitu ndi za chaka choyamba, alamu. Kapena tsiku limenelo munajomba?"

Pa zonse zimene zinanenedwa, Injiniya anangotola mawu omalizawo. Anawasunga pamtima ngati khala lamoto. Mlendo atachoka, anauza mkazi wake kuti achimwene ake akudwala nsanje, chifukwa zaka zonsezi akungopanga mapampu ofanana ngati njerwa, ndipo sangapirire kuona mnzawo akutulukira chinthu chatsopano.

"Pakamwa pawo m'poipa, ndikudziwa, ndinakula nawo," anayankha Kochi. "Koma zimene anena zija ine zandilowa. Ana amene ndimaphunzitsa aja samva kuti dikirani. Musachite chifukwa cha achimwene. Chitani chifukwa cha ine."

Injiniya anang'ung'udza, koma anachita. Anamangirira sefa pakamwa pa Bakha, n'kuikanso swichi ija. Anaitana mkazi wake kuti adzaone. Kochi anagwada, n'kukanikiza sefayo ndi zala, naona kuti ndi yolimba. Mtima wake unakhala pansi.

Vuto linaoneka atapita nacho ku dziwe lenileni. Masamba a mitengo ya kumeneko anali aakulu, ndipo ankamata pa sefa ngati zigamba mpaka Bakha kutsamwa. Kamtengo kakangolowa, swichi inkazimitsa mota, Bakha n'kungoti duu pakati pa madzi. Mkulu wa kalabu, bambo wina wokonda taye ngakhale dzuwa liswe mtengo, anaonerera atapinda manja.

"Lachisanu m'mawa kubwera a komiti," anatero. "Akakhutira, chida chanu tichitenga, ndipo ndikuuzani, mahotela ndi masukulu okhala ndi maiwe adzakufunani okha. Koma chikamachita khunyu chonchi, ine sindidzakuyankhulirani."

Ali m'njira, Kochi anati, "Bwanji mukawafunse achimwene? Mapampu awo amakoka madzi amatope osatsamwa. Mwina pali njira ina yopangira sefayo."

"Ndikapemphe nzeru kwa munthu wondiyesa mwana wa sukulu? Bola Bakha amire."

Masiku otsalawo anayesa yekha. Anakulitsa mabowo a sefa, anaipinda, anaisendeza, koma masamba ankamatabe. Lachisanu linafika ndi chimphepo, ndipo dziwe linadzuka litafunda bulangete lonse la masamba. Injiniya anaima m'mbali n'kuliyang'ana. Mkazi wake anali atalowa m'chipinda chosinthira zovala kukonzekera kalasi ya ana. Injiniya ananyamula Bakha kupita naye kuseri kwa kanyumba ka mapampu, n'kugwada. Anamasula sefa n'kuiponya m'chikwama cha zida. Kenako anatenga kawaya kofiira n'kulumikiza fani molunjika ku batire, kuti swichi ija isakhalenso ndi chonena. Anadziuza kuti ndi lero lokha, kuti mawa abwezeretsa zonse, kuti kamodzi sikapha.

A komiti atafika, Bakha anaonetsa ukatswiri. Ankayenda pamadzi ngati mwini dziwe, ndipo kumbuyo kwake kunkatsala msewu woyera. Wapampando wa komiti, mayi wonenepa wa magalasi, anawomba m'manja. Mkulu wa kalabu anayamba kuyankhula ngati nzeruyo inali yake. Injiniya anamva kukoma mpaka m'mafupa.

Sanaone kuti mlamu wake wafika. Kochi ndi amene anamuitana, poganiza kuti akaona sefa ili m'malo, udani wa amuna awiriwa uzirala. Tsabola anaima kumbuyo kwa anthu n'kuonerera mwakachetechete. Anaona tsamba lalikulu, lili ndi kanthambi kake komwe, likulowa m'kamwa mwa Bakha osaima n'pang'ono pomwe. Anasendera pafupi n'kunong'ona.

"Alamu, sefa ili kuti?"

"Ilipo."

"Tsamba lalikulu ngati mbale ladutsa bwanji pa sefa?"

"Lero lokha musandichititse manyazi pagulu."

"Chitulutseni m'madzi chimenecho. Mlongo wanga akudziwa?"

Nthawi yomweyo wapampando anaitana Injiniya kuti afotokoze kuti batire imakhala nthawi yaitali bwanji. Iye anatembenuka n'kupatsa mlamu wake msana. Tsabola anatsonya, n'kuyamba ulendo wozungulira nyumba yosinthira zovala kuti akachenjeze mlongo wake. Koma iye akulowera khomo lakumbuyo, Kochi ankatulukira lakutsogolo, atavala zosambirira, kapu yapamutu ili m'manja, tsitsi lake lalitali loluka likugwera kumsana.

Pakati pa dziwelo panadutsa chingwe chokhala ndi timipira toyandama, cholekanitsa osambira. Mphepo inakankhira Bakha pa chingwecho, cha kumbali yakuya, ndipo anakodwa. Injiniya anadina rimoti kumanzere, kumanja, kumbuyo. Bakha ankangogwedezeka pamalo amodzi. Anthu anayamba kuyang'anana.

"Musavutike," anatero Kochi, akuponya kapu ija pampando. "Ndikam'masula."

Injiniya anatsegula pakamwa. Kumanja kwake kunali wapampando, kumanzere mkulu wa kalabu. Mawu oti sefa palibe anafika pakhosi n'kubwerera. M'malo mwake anati, "Dikirani ndizimitse," n'kudina batani lofiira. Kanyali ka pamsana pa Bakha kanazima, ndipo timamota toyendetsa tinaima. Koma fani sinkamvanso za rimoti. Inkamvera kawaya kofiira kaja, ndipo phokoso lake linamezedwa ndi mphepo. Injiniya anakumbukira zimenezi mapazi a mkazi wake atangochoka pa simenti.

"Mayi, bwererani," anakuwa. Kochi anali kale pansi pa madzi.

Anasambira chapansipansi monga mwa chizolowezi chake, n'kuvuukira patsogolo penipeni pa Bakha. Anatembenuka kuti akankhe chingwe ndi phewa. Tsitsi lake linayandama kumbuyo, ndipo fani inaligwira. Mutu wake unakokedwa chagada, nkhongo n'kugunda pakamwa pa chidacho. Poyesa kudzipotokola kuti agwire tsitsilo, nkhope yake inalowa m'madzi ndipo sinatulukenso. Mota inayamba kulira kulira kuja kwa m'galaja.

Poyamba a komiti ankaganiza kuti akumasula chingwe. Kenako anaona manja akumenya madzi mosalongosoka, miyendo ikufunafuna pansi pomwe panalibe. Wapampando anagwira pakamwa. Mkulu wa kalabu anathamangira ndodo ya ukonde, koma inkangokhudza Bakha osatha kumusuntha.

Tsabola anatulukira pakhomo, n'kuona. Sanavule nsapato. Anadziponya m'madzi n'kufika pa mlongo wake. Anayesa kumudzutsa mutu, koma tsitsi linali litakulungika mpaka pakhungu, ndipo fani inkakokabe. Anayesa kunyamula Bakha, koma chidacho chinali cholemera ndi batire komanso masamba onyowa, ndipo iye analibe poponda.

"Zimitsani," anakuwa. "Alamu, zimitsani."

Injiniya anaponya rimoti pansi. Anayang'ana madzi aja, obiriwira, akuya, amene anawaopa moyo wake wonse. Anathamangira pomwe chingwe chinamangidwa kukhoma la dziwe, n'kutsetserekera m'madzi atachigwira. Madzi anamutseka pakamwa. Anamwa, anatsokomola, n'kudzikoka ndi manja, kampira ndi kampira, miyendo ikungolendewera. Atafika, anakolowetsa mkono umodzi pa chingwe, n'kukanganula chivundikiro cha Bakha ndi dzanja linalo mpaka chikhadabo chinazuka. Anapisa dzanja mkati, n'kupeza kawaya kaja, n'kukazula. Mota inati zii.

"Kankhani chakumwamba," anatero Tsabola ali wefuwefu. "Chipendeketseni."

Amuna awiriwo anakankha limodzi, wina atakola chingwe ndi mkono, wina akupalasa ndi miyendo. Bakha anapendekeka, ndipo nkhope ya Kochi inatuluka m'madzi, maso otseka, milomo yotuwa. Mayi wina wa komiti anali atathyola kale bokosi la mankhwala n'kupeza sizasi, ndipo anaikoleka kunsonga ya ndodo ija n'kuitambasula. Tsabola anadula tsitsi la mlongo wake chingwe ndi chingwe mpaka mutu unamasuka.

Anamugoneka pa simenti. Tsabola anamupsinja pachifuwa n'kumuuzira mpweya, monga mlongo wake yemweyo anamuphunzitsira kale. Injiniya, amene anthu anachita kumukoka ndi malaya kuti atuluke, anagwada pambali, madzi akuchucha, akungobwereza kuti, "Mayi, mayi." Panadutsa kanthawi kotalika ngati chaka. Kenako Kochi anagwedezeka, n'kusanza madzi, n'kukoka mpweya ndi mkokomo wowawa kumva. Kunkhongo kwake magazi ankayenderera pomwe khungu linang'ambika. Pageti panali patafika kale ana a kalasi ija ndi makolo awo, atakangamira mawaya a mpanda.

Kuchipatala anamusoka n'kumugoneka kuti aone ngati madzi sanawononge mapapo. Masana a tsiku lotsatira, Injiniya anakhala pampando wa m'mbali mwa bedi. Tsabola anaima pawindo atawapatsa msana. Chichitikireni ngoziyo anali asanamuyankhule mlamu wake ngakhale liwu limodzi, ndipo kukhala chete kumeneko kunkawawa kuposa chipongwe chake chonse.

Kochi anatsegula maso n'kuyang'ana mwamuna wake nthawi yaitali.

"Bambo, sefa ija inathyoka?"

Njira yothawira inali itatseguka yokha. Injiniya anayang'ana bandeji yomwe inakulunga mutu wa mkazi wake.

"Sinathyoke. Ndinaichotsa ndekha m'mawa womwewo. Swichi nayo ndinailambalala."

"Ndipo munandiona ndikulowa m'madzi."

"Ndinaganiza kuti ndazimitsa."

"Sindikufunsa zimenezo. Munali ndi pakamwa. Munaopa a komiti kuposa kuopa kundiika m'manda." Anapuma pang'ono, chifukwa kuyankhula kunkamupweteka pachifuwa. "Akanakhala mwana wa eni ake, bwenzi pano tikunena chiyani?"

Kochi anatembenukira kukhoma.

Atatuluka m'chipatala sanabwerere kunyumba. Anapita kukakhala kwa mchimwene wake, akuti kuti akachire bwino, ndipo palibe amene ananena tsiku lobwerera. Kalabu inauza Injiniya kuti asadzapondenso pa dziwe ndi chida chilichonse. Makolo ena anachotsa ana awo. Nkhani inayenda m'misewu, ndipo amene ankamuyamikira dzana anali oyamba kunena kuti iwo anaona kale kuti chinthu chija n'choopsa. Palibe mmodzi mwa iwo amene anamuuzapo zimenezo nthawi ikadalipo.

Injiniya ankadzuka, kuphika tiyi wa munthu mmodzi, n'kukakhala m'galaja osagwira kanthu. Bakha anali pakona, tsitsi lodulidwa likadali lokulungika pa fani. Kangapo anatenga hamala kuti amuphwanye, koma ankadziwa kuti wolakwa si pulasitiki.

Patapita milungu, m'mawa wina ananyamula chidacho pa wilibala n'kuyenda nacho mpaka ku shedi ya mlamu wake. Anamupeza akuwotcherera paipi. Tsabola anakweza chigoba cha kumaso n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwabwera kudzamalizitsa?"

"Ndabwera kuti mundinyoze, alamu. Yambirani pomwe mukufuna. Lero ndimva zonse."

Tsabola anazimitsa makina, n'kuvula magolovesi.

"Mukuganiza kuti ndinkakudani? Ndikanakudani ndikanakuwomberani m'manja limodzi ndi a komiti aja. Mlongo wanga ndinakupatsani ndine. Chimene mwapangachi ndi chanzeru, ine sindikanachiganiza. N'chifukwa chake chinkandipweteka kuona mukuchisandutsa chigwandali chopha anthu."

Aka kanali koyamba pa zaka zonse kuti Tsabola amuyamikire, ndipo Injiniya sanamve kukoma kulikonse. Anangogwetsa nkhope.

Anatsitsa Bakha n'kumuika pa tebulo. Tsabola anayamba kuloza. Fani inali pamalo olakwika. Inayenera kukhala kumbuyo kwa kathumba, kuti masamba azigwidwa asanaifike ndipo pasakhale chala kapena tsitsi loipeza. Waya wa batire anali woonda. Chivundikiro chinali chovuta kutsegula pa ngozi. Chilichonse ankachinena ndi tsabola wake yemwe uja, ndipo pa chilichonse Injiniya ankangoti, "Ndamva." Pena ankatsutsa, koma tsopano ankatsutsa mfundo, osati munthu, ndipo pamfundo ina Tsabola anavomera monyinyirika kuti mlamu wake akunena zoona.

Dzuwa litakwera, Kochi anatulukira pakhomo la shedi atamanga mpango kumutu. Anaima n'kumvetsera amuna awiriwo akukangana za kukula kwa mabowo. Injiniya atamuona anaimirira, manja ali bii ndi girisi.

"Mayi, muli bwanji?"

"Ndikuchira. Adokotala akuti pena tsitsi silidzameranso." Anayang'ana chida chophwasulidwacho. "Chimenechi chikatha, musanachiike m'madzi, muchionetse kwa achimwene. Akakana, chakanika."

"Zikhala choncho."

"Ndipo musandifunse kuti ndibwera liti. Ndikadzaona kuti makutu aja atsegukadi, ndidzabwera ndekha."

Anatembenuka n'kubwerera m'nyumba. Injiniya anakhalanso pansi. Mlamu wake anamukankhira sipanala n'kumuuza kuti wagwira bawuti yolakwika, kuti ngakhale wakhungu akanaona. Injiniya anayang'anitsitsa, n'kupeza kuti ndi zoona, n'kusintha.

Anthu ambiri timasankha anzathu ndi kukoma kwa pakamwa, n'kuyesa mdani aliyense wotiuza zowawa. Koma owomba m'manja aja dziwe litavuta anaima pa simenti, ndipo amene analumphira m'madzi ndi nsapato zomwe anali yemwe uja wa lilime lolasa. Injiniya anazindikira mochedwa, mkazi wake atalipira ndi chipsera cha moyo wonse, kuti wakutsina khutu ndi mnansi.